Lilime Lobwereka

Ndatha zaka khumi ndi zinayi ndikutsuka mbale m'khitchini ya pafakitale yopanga makatoni, ndipo zaka khumi ndi ziwiri mwa zimenezo mayi amene ndikufuna kukusimbiraniwa sindinkawakonda. Ndineneretu poyera, kuopa wina angati ndikutamanda mnzanga. Sanali mnzanga ayi. Anali bwana wanga, wophika wamkulu, ndipo ife a m'khitchini tinkawatcha a Jenerale, kumbali ndithu, poti akayamba kulankhula ngakhale ntchentche zinkaima pamzere. Iwo ankanditcha Nasopo. Ngati dzina langa lenileni ankalidziwa n'komwe, kaya.

Khitchini yathu ndi yaitali koma yopapatiza. Uku kuli mbaula zinayi za gasi ndi mapoto oti mwana wa zaka zisanu angasambiremo, uko kuli masinki anga awiri pansi pa windo loyang'ana poimika malole. Pakati pali tebulo lachitsulo. Timadyetsa anthu 300, ena 12 koloko ena 1 koloko, kuwonjezera phala ndi tiyi wa m'mawa ndi tiyi wina wa masana. Malire anga anali tebulo lija. Tsiku lina ndidakali mlendo, nditalawa zotsala m'poto, ndinangoti, "Mayi, msuziwu ngati mchere unachepa." Eee! Anatembenuka pang'onopang'ono, chipande chili m'manja.

"Iwe Nasopo, lilime lakolo limadziwa sopo basi. Ukadzaona sopo wachepa mchere, udzandiuze."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinameza mawuwo, koma ndinawasunga.

Pa kuphika pokha, ayi, ndiwapatse ulemu wawo. Amuna onyamula makatoni, anthu odandaula chilichonse, ankanyambita mbale ngati ana. Madalaivala a malole a makampani ena ankachedwa dala pageti kuti nthawi ya chakudya iwapeze kwathu. Nyemba zomwezi, mpunga womwewu, nyama ya mafupa yomweyi imene aliyense amagula, koma zikadutsa m'manja mwa mayi aja zinkasanduka zina. Chinsinsi chawo chinali kulawa. Ankalawa phala asanathire shuga, atathira, ndiponso litawira. Ankalawa tiyi ketulo iliyonse, kasitadi, msuzi, mafuta okazingira anyezi. Ndipo anali ndi lamulo loti supuni imalawa kamodzi kokha, kenako ipite m'beseni lobiriwira limene linkakhala pansi pa tebulo.

"Malovu anga sali pa mndandanda wa zakudya," ankatero, supuni ikugwera m'beseni kuti ngwe.

Wotsuka masupuni amenewo ndinali ine, nanga akanakhala ndani.

Thupi lawo linali lalikulu, lalikulu zedi. Makilogalamu 138. Pakati pa mbaula ndi tebulo ankadutsa cham'mbali. Matenda a shuga anawagwira, mawondo anayamba kukana, ndipo tsiku lina anangoti khu pansi pafupi ndi poto wa madzi owira. Atagona kuchipatala, madokotala anawauza za opaleshoni yochepetsa chifu. Akuti amadula chifucho n'kusiya kathumba kakang'ono ngati dzira, kenako n'kukalumikiza ku matumbo, kuti munthu azikhuta ndi zochepa. Ana awo anaopa, amuna awo anaopa, koma iwo anasaina.

Atabwerako, tinaona zodabwitsa. Munthu ankasungunuka tikuona. Patatha chaka ndi theka anali pa 84, mapiritsi a shuga anawasiyitsa, ndipo ankayenda kuchokera pageti mpaka kukhitchini osapumira panjira. Ankadyera m'sosala, kanyama kapena dzira ndi masamba pang'ono, basi. Tsiku limene anabwera atavala lamba m'chiuno, anyamata a kumakina anaimba malikhweru, ndipo ndinawaona a Jenerale akumwetulira mpaka mano a m'mbali. Ngakhale ine, ndi kaduka kanga konse, mumtima ndinati, mayiwa alimba.

M'chaka chachinayi chichitireni opaleshoni, zingwe za epuloni yawo zinayamba kufupika. Poyamba mfundo inkatsala ndi michira yaitali, kenako timichira, kenako anasokererako nsalu ina. Palibe amene ananena kanthu pamaso pawo. Lamba uja anasowa. Anayambanso kudutsa cham'mbali, ndipo mapiritsi anabwerera m'thumba la epuloni. Kenako mafuta otentha anawadonthera paphazi lamanzere, kadontho chabe, koma chilondacho chinakana kupola. Sabata zinadutsa, miyezi iwiri inadutsa, chikungokula. Nsapato inasiya kulowa, ankabwera phazi limenelo lili mu bandeji, pansi pake patapata lodula zingwe. Sikelo inkati 117. Adokotala sanawabisire: shuga akapanda kutsika ndipo chilondacho chikapanda kutseka m'miyezi ingapo, phazilo adzalidula.

Ndiye anthu ndi pakamwa. "Amadya mobisa." "Opaleshoni ija inangopita pachabe." "Wophika saonda." Inenso ndinanenako, ndisaname. Mwana wawo wamkazi anafika mpaka pofufuza m'chikwama chawo kufunamo mabisiketi. Kuchipatala anawapatsa kabuku koti azilemba zimene akudya, iwo n'kulemba zoona: dzira limodzi, kankhuku, masamba. Adokotala anawerenga n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi monga muja timamuyang'anira mwana amene akukana kuti sanabe shuga pomwe shuga ali pamlomo.

Tsiku lina ndinalowa m'sitolo ya khitchini kukatenga sopo, n'kuwapeza atakhala pa thumba la mpunga, akulira mopanda mawu. A Jenerale kulira! Ndinafuna kubwerera chambuyo koma anali atandiona kale.

"Sindikudya, Nasopo," anatero. "Ndikulumbira pali Mulungu, sindikudya. Koma palibe akundikhulupirira. Andidula mwendo chifukwa cha chakudya chimene sindinadye."

Ndinangotola sopo wanga n'kutuluka. Koma mawu aja anandikhala pachifuwa, chifukwa sosala yawo ndinkatsuka ndine, ndipo ndinkadziwa kuti sakunama. Masana amenewo ndinanyamula beseni lobiriwira lija, monga ndinkachitira tsiku lililonse kwa zaka zonsezo, n'kulikhuthulira mu sinki. Masupuni anati waa. Ndinaima, manja ali m'madzi, ndikuwayang'ana. Kenako ndinayamba kuwatsuka imodziimodzi ndikuwerenga. Anakwana 143.

Kuwauza pakamwa ndinadziwa kuti n'kutaya nthawi, akanangondikumbutsa za sopo. Ndiye m'mawa mwake ndinatenga jagi ya malita awiri n'kudutsa tebulo lija, malire amene ndinali ndisanawadutsepo. Iwo atalawa phala, ine ndinatunga supuni yodzaza mofanana m'poto yemweyo n'kuthira m'jagi.

"Ukutani kuno?"

"Ndikugwira ntchito, mayi."

"Ntchito yako ili uko! Choka!"

Ndinachoka. Koma nditangomva ngwe m'beseni, ndinabwereranso ndi jagi yanga. Anandikalipira, anandiopseza kuti akandinenera kwa manijala, ananditcha wamisala. Ine du, ngati sindikumva. Nkhani ya sopo ija inkandipatsa mphamvu. Phala la mkaka ndi shuga, tiyi, tiyi wina, kasitadi, msuzi wa nyama ndi mafuta ake oyandama, jamu wa pa buledi wa mabwana. Pofika 3 koloko jagi inali itadzaza thoo, zina zikutsikira m'mbali. Ndinaiika patebulo pamaso pawo.

"Mayi, ichi ndi chimene simunadye lero."

Anaiyang'ana jagi ija nthawi yaitali. Anainyamula kuti amve kulemera kwake, n'kuibwezera. Ndinkadikira kuti andiponyere kumaso, ndipo ndinali nditakonzeka kale kukafuna ntchito kwina. Koma anangokhala pansi, nati motsitsa, "Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kalanga ine, ndadzipha ndi supuni."

Anesi a kuchipatala anawafotokozera bwino pambuyo pake. Akuti zinthu zamadzimadzi ndi zofewa sizikhalitsa m'kathumba kaja, zimangodutsa, moti munthu samva kukhuta. Komanso akanamwa kapu yathunthu ya zotsekemera nthawi imodzi, thupi likanawachenjeza ndi chizungulire ndi thukuta, monga limachitira kwa ochitidwa opaleshoni imeneyi. Koma supuni imodzi pa mphindi zingapo inkalowa mwakachetechete ngati mbala yodziwa nyumba.

Adokotala anati asiye ntchito. Amuna awo anati asiye ntchito. Manijala, munthu wachifundo, anati awapatse desiki kosungira katundu azikalemba makatoni otuluka. Aliyense ankaona kuti wophika wosalawa ndi chimodzimodzi dalaivala wotseka maso. Inenso ndinkaganiza choncho, ndipo ndinali nditayamba kale kudera nkhawa za amene adzabwere m'malo mwawo.

Lolemba a Jenerale anatulukira 6 koloko monga mwa masiku onse. Anali atanyamula mpando wautali wonga wa m'malo omwera mowa, umene anaukhazika pambali pa mbaula, ndi kreti yoikapo phazi lodwalalo monga anawalamulira anesi. Pakamwa anali atamanga masiki ya nsalu yochindikala, zingwe zake atazimanga mfundo ziwiri kumbuyo kwa mutu. Phala litawira anatunga supuni, dzanja linapita lokha kukamwa monga linazolowerera zaka makumi atatu, ndipo supuni inagunda nsalu. Tsiku limenelo inagunda kakhumi ndi kamodzi. Pofika masana masiki ija inali ndi madontho a mitundu yonse ya zimene taphika. Koma m'kamwa mwawo simunalowe kanthu.

Ulendo woyamba umenewo, supuni itagunda nsalu, anatseka maso kanthawi. Kenako anaitana.

"Nasopo, pukuta manja ubwere kuno. Yasama."

Ndinayasama. Lilime la sopo lija! Ndinafuna kuwakumbutsa, mawu anafika pakhosi penipeni, koma nditaona maso awo pamwamba pa nsalu ija ndinangomeza limodzi ndi phalalo.

"Lili bwanji?"

"Lili bwino."

"Bwino ndiye chiyani? Bwino ndi moni. Shuga ukumumva msanga kapena akubwera pambuyo? Mkaka ukukhala palilime kapena ukuthawa? Lankhula, mkazi iwe!"

Sabata zoyambazo zinali nkhondo. Ine mawu a zokoma ndinali nawo awiri okha, kukoma ndi kusakoma. Iwo ankafuna ndiwauze ngati mchere wakhala pamwamba kapena walowa mu nyemba, ngati tomato wapsa kapena akadali ndi ukali wake, ngati anyezi wafika pokoma kapena wadutsa. Ankandimwetsa madzi pakati, ankandiuza nditseke maso. Mbale zanga zinkaunjikana kusinki mpaka manijala anauza mayi wosenda mbatata kuti azindithandiza.

Ndiye linafika tsiku la nyemba. A Jenerale anathira mchere, kenako foni ya kuofesi inawasokoneza, n'kuthiranso. Nditalawa ndinamva ndithu kuti mchere walumpha, koma anali atandikalipira kawiri m'mawa umenewo, ndipo mtima wanga unali utatupa. Ndinati, "Zili bwino." Mwadala. Ndi tchimo limene ndimachita nalo manyazi mpaka lero. Nthawi ya chakudya itakwana, amuna aja anayamba kugogoda mbale patebulo. Wina anakuwa kuti, "Kodi a Jenerale apuma ntchito osatiuza?" Mbale zinabwerera zodzaza. Ine ndinabisala kusinki, ndikudziwa kuti anditchula.

A Jenerale anatsika pampando paja, n'kuyenda motsimphina mpaka pawindo loperekera chakudya, navula masiki.

"Abambo, mchere ndathira ndine, kawiri. Cholakwa ndi changa. Mundikhululukire, mawa mudzadya bwino."

Za ine sananene ngakhale liwu limodzi. Atabwerera anangondiyang'ana n'kuti, "Wakutsina khutu ndi mnansi, Nasopo. Unanditsina ndi jagi ija, usasiyire panjira. Ndilibe lilime lina." Mayo ine, ndinalira ndikutsuka mbale 300 za nyemba zosadyedwa. Kuchokera tsiku limenelo sindinawanamizeponso, ndipo chakukhosi chija chinatha.

Zimene ndinaona m'miyezi yotsatira ndimazisimba mpaka pano, ndipo ena amati ndikuwonjezera. Mayi aja anayamba kuphika ndi mphuno, makutu ndi maso. Ankaweramira poto, kukupizira nthunzi kumaso ndi dzanja, n'kunena kuti, "Mchere watsala pang'ono, theka la chikhatho." Ine kulawa, n'kupezadi watsala pang'ono. Kasitadi ankamumvera kuwira kwake, akuti akafika amasiya kulira ngati madzi n'kuyamba kupuma ngati munthu wagona. Shuga wa mu tiyi ankamudziwa poona mmene dontho likutsikira kumsana kwa supuni. Ndinkaima pambali pawo kukamwa kuli yasa, osati podikira supuni ayi, koma podabwa. Munthu wa zaka 56, phazi likuwola, kuphunziranso ntchito yake kuyambira pachiyambi ngati mwana wa sukulu!

Koma chimene chinkandiopsa kwenikweni si luso limenelo. Ndi kupirira. Taganizani kukhala maola asanu ndi atatu nkhope ili mu fungo la nyama yokazinga ndi mkaka wa shuga, chakudya chophika wekha, chokoma kuposa cha wina aliyense, osanyambita ngakhale chala. Ndinkaona khosi lawo likumeza malovu. Nthawi yawo yodya ikakwana ankatuluka m'khitchini, kukakhala pabenchi kunja ndi sosala yawo ndi wotchi, kuyamba ndi nyama kapena dzira, kutafuna mpaka kutopa, madzi osamwa kufikira patadutsa theka la ola. Kenako ankamanganso masiki n'kubwerera kumoto.

Si kuti sanagwepo. Tsiku lina ndili kusinki ndinamva ngwe m'beseni lobiriwira, pomwe ine sindinaitanidwe. Nditacheuka, masiki inali pachibwano, m'maso muli manyazi.

"Imodzi," anatero. "Kasitadi. Wandiona, eti?"

"Ndakuonani."

"Chabwino. Imodzi si 143." Anakweza masiki, namanga mfundo yachitatu, ntchito n'kupitirira.

Lachisanu lililonse ankapita kukatsukitsa chilonda, ndipo poti amuna awo ankakhala ali kuntchito, ndinayamba kuwaperekeza kuti azitsamira paphewa langa pokwera basi. Sikelo inkatsika mwaulesi: 114, 112, sabata ina osasuntha n'komwe, 109. Yanga ndiye inkakwera, poti masupuni aja tsopano ankathera mwa ine. Anandiuza kuti ndizilavula m'kapu ndikalawa, ine ndinati chakudya salavula, ndipo tinakangana m'basi mpaka kondakitala anatiseka. Pamapeto pake ndinagonja siketi zitayamba kundithina.

Chilonda chokha ndi chimene chinkatisowetsa mtendere. M'sabata yachisanu ndi chimodzi chinaipiratu, chinayamba kununkha, ndipo adokotala anaitana anzawo awiri kudzachiona. Analankhulana motsitsa mawu, wina akuloza ndi cholembera pamwamba pa kakolo, pamene angadzadulepo. A Jenerale anawayang'ana onse atatu n'kuti, "Adokotala, shuga watsika kapena sanatsike?" Anati watsika ndithu, kuposa mmene ankayembekezera. "Ndiye ndipatseni mwezi wina. Phazili ndi langa, ndaimirira nalo zaka makumi atatu." Anawapatsa mankhwala amphamvu ndi mwezi umodzi. Mweziwo utatha fungo linali litachoka, ndipo anawawonjezera wina. Kenako m'mbali mwa chilonda munayamba kuoneka kamzere kofiirira, kakhungu katsopano, kakukwawira m'kati pang'onopang'ono moti sabata ndi sabata sunkaona kusiyana pokhapokha anesi ayeze ndi rula.

Linali Lachisanu la mwezi wachisanu ndi chiwiri chiyambireni kuvala masiki, mvula ikuwaza. Sikelo inati 98. Tinalowa m'kachipinda kaja ka makatani obiriwira, iwo anakwera pabedi, ine ndinakhala pampando ndi chikwama chawo pamiyendo. Anesi anayamba kumasula bandeji, kuzunguliza, kuzunguliza, mpaka anafika pa thonje lomaliza. Analichotsa pang'onopang'ono. Anaweramira pafupi, anadina m'mbali ndi chala, anayatsa katochi. Kenako anatuluka. A Jenerale ankangoyang'ana kudenga, milomo ikuyenda.

Anesi anabwera ndi adokotala aja a magalasi. Iwonso anaweramira, anadina, n'kuwongoka.

"Mayi, chatseka. Palibe chodula apa." Anavula magalasi n'kuwonjezera kuti, "Ndipo kabuku kanu kaja sindinakakhulupirire. Pepani."

Ine ndinaimirira kuti ndione ndi maso anga. Pamene panali dzenje paja panali khungu losalala, lofewa ngati la khanda. Ndinayamba kulira mokweza, mopanda ulemu, mpaka anesi anatseka chitseko. Koma mwini wake phee, ngakhale msozi umodzi.

"Nasopo, leka phokoso. Tsegula chikwamacho, pansi penipeni pali pepala lapulasitiki."

Ndinapisa dzanja, n'kutulutsa. M'pepalamo munali nsapato yakumanzere, yakuda, yopolishidwa mpaka kuwala.

"Mayi, mwadziwa bwanji kuti ndi lero?"

"Sindinadziwe. Ndakhala ndikubwera nayo Lachisanu lililonse."

Lachisanu lililonse! Ngakhale tsiku lija madokotala ankaloza pa kakolo ndi cholembera, nsapato inali m'chikwama pamiyendo panga, itapolishidwa. Ndinagwada pansi pa simenti ya chipatala, ine Nasopo amene sindinagwadirepo bwana aliyense, n'kuwaveka sokosi imene inali mu nsapatomo, kenako nsapatoyo, n'kumanga zingwe. Anatsika pabedi, anaponda, anapondanso mwamphamvu, n'kuyenda mpaka pakhomo osagwira phewa la munthu.

Atafika pakhomopo anacheuka.

"Ukugwadirabe chiyani? Dzuka, mng'ono wanga, tiyende wapansi."